Gelesomu ndi Besi ya Malemu Jailosi

Ana inu, miyambi ili ngati tinjira ta kudambo. Aliyense amadutsamo, koma amene anayamba kupondapo sadziwika. Mwambi umene ndikufuna kukufotokozerani lero, akuluakulu ena amati ndi wakale kuposa magetsi, ndipo ine sindingawatsutse. Koma kwathu ku Mponela mwana akafunsa kumene unachokera, timamusimbira nkhani ya Gelesomu ndi gitala. Inunso muimve momwemo.

Gelesomu Kamwaza anali wokhoma ndowa kuseri kwa msika. Ankapanga ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu kudimba, komanso ankamata mapoto obooka. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamalo pake pankamveka phokoso la nyundo pa lata, koma mwini phokosolo mawu ake anali osowa. Munthu akabwera kudzagula ndowa n'kutchula mtengo wochepa, Gelesomu ankangoyang'ana pansi n'kuvomera. N'chifukwa chake masiku a msika mkazi wake Esinati ankakhala pambali pake pa kampando, iye n'kumagulitsa, mwamuna n'kumakhoma.

Chimene Gelesomu ankachikonda koposa chinali kuimba babatoni. Mwina ena mwa inu simunamuonepo babatoni. Ndi choimbira chachikulu chopanga pamudzi, cha nsambo imodzi, thunthu lake lokutidwa ndi chikopa ngati ng'oma, khosi lake mtengo wautali. Mawu ake ndi aakulu, apansipansi, amene oimba amati besi. Gelesomu ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi ndiponso m'maukwati. Ntchito imeneyi inkamuyenera, chifukwa woimba besi amakhala kumbuyo. Anthu amavina chifukwa cha iye, koma maso awo amakhala pa wina.

Tsono m'tauni yomweyo munali bambo wina wachikulire, a Jailosi Kapatuka, amene anakhalitsa ku Halale akuimba m'gulu la pahotela. Pobwerera kumudzi anabwera ndi gitala ya besi yoyendera magetsi, pamodzi ndi bokosi lake lokuzira mawu, limene oimba amalitcha ampu. Gitalayo inali ya nsambo zinayi zonenepa, pakati pake yofiirira ngati uchi, m'mbali yakuda ngati yopserera. Gelesomu anaimva kamodzi kokha, pa ukwati wa mlongo wake, zaka zambiri m'mbuyomo. Sanaiwale. Mawu ake sankangolowera m'makutu ayi. Ankadzera m'benchi, n'kukwera m'miyendo, n'kukakhazikika pachifuwa.

Pambuyo pake nyamakazi inaumitsa zala za a Jailosi, gitala n'kukhala chete. Chaka china m'chilimwe a Jailosi anamwalira. Atameta maliro, abale anagawana zovala, njinga ndi makasu, koma gitala ndi bokosi lake anasiyira mkazi wa malemu, a Nankhoma, popeza panalibe wodziwa kuimba.

Tsiku lina Esinati anabwera kuchokera kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi akuyenda mwandawala.

"Bambo a Limbani, siyani kaye nyundoyo," anatero. "A Nankhoma anena pamaso pa amayi tonse kuti gitala ija ikuwamvetsa chisoni kukhala chete. Akuti patapezeka munthu woikonda akhoza kumugulitsa."

Gelesomu anaika nyundo pansi pang'onopang'ono. Banjali linali litasunga kale kangachepe kubanki m'khonde, ndipo anali atagwirizana kuti ana akalipiriridwa sukulu, zotsala adzagulire besi yamagetsi. M'sitolo ina ku Lilongwe anali ataonamo yatsopano, yofiira, yonyezimira ngati galimoto yotsuka kumene.

"Yatsopano ija ndi yopepuka," anatero Gelesomu, "ndipo ikavuta umabwerera nayo kusitolo. Yakaleyi sindikudziwa ngati ikulirabe. Mwina khosi linapindika. Mwina chinyontho chinalowa m'kati."

"Koma mtima wanu uli pa iti?"

Gelesomu anangosisita lata limene linali pamwendo pake.

"Ndaona," anatero Esinati. "Ndiye pitani mukaione, muimve, mufunse mtengo. Mukatero mudzadziwa chochita."

"Ndikafunse bwanji katundu wa maliro? Angati ndinkangodikira kuti madala atsikire kuli chete."

"Anameta kale. Ndipo mwini wake wanena yekha."

"Wanena kwa amayi, osati kwa ine."

"Ndikakufunsireni ndine?"

"Ayi, ayi! Mwamuna wotuma mkazi wake kwa namfedwa? Ndipita ndekha."

Esinati anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Inu amene munkandiperekeza kuchigayo chaka chathunthu osanena kanthu, mpaka ndinachita kukufunsani ndekha kuti kodi mukufuna ine kapena mukufuna gaga? Chabwino, pitani. Tione."

Mawa lake Gelesomu anavala malaya a kutchalitchi, natenga kambaula katsopano kuti akapepesere. A Nankhoma anamulandira pakhonde. Anali mayi wamfupi, wa imvi zambiri, wolankhula modekha. Analonjerana, Gelesomu anapepesa za zovuta zija, nakambirana za kutentha ndi za mtengo wa feteleza. Ya gitala inafika pakhosi n'kubwerera. Potsanzikana anaona ketulo ili pamafuwa ikudontha, ndipo anapempha kuti akaimate.

"Mwaiona?" anafunsa Esinati atafika kunyumba.

"Ndabwera ndi ketulo."

Pokabweza ketuloyo anapeza zinthu zitasintha. A Nankhoma anamulowetsa pabalaza. Gitala inali itachoka kuchipinda, tsopano ili pakhoma, yopachikidwa pa msomali waukulu. Pansi pake panali bokosi lija, limene linkakhala pomwepo chiyambire, lofunditsidwa kansalu kolukidwa bwino. Mpando wa mlendo anali atauika moyang'anizana ndi khomalo. Gelesomu anakhala pansi, naiona gitala ija kamodzi. Kenako anatembenuzira maso pa kalendala, ndipo anaiwerenga kalendalayo mpaka nthawi yotsanzika.

Ulendo wotsatira a Nankhoma anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta gitalayo iye akuona.

"Fumbi likuiononga," anatero.

"Eee, amayi," anayankha Gelesomu. "Chaka chino fumbi lachuluka."

Musaganize kuti a Nankhoma sankadziwa chimene chinkamubweretsa. Ankadziwa bwino lomwe. Koma nawonso anali ndi maganizo awo. Mumtima ankati: "Munthu uyu sadziwa kukana. Ndikamuyamba ndine, agula ngakhale asakufuna, ngakhale itakhala yowonongeka, n'kulanda ana ake chakudya pakamwa. Ndipo ine ndingatsatse bwanji mawu a mwamuna wanga ngati tomato? Ayambe yekha." Choncho aliyense ankasunga ulemu wa mnzake, ndipo gitala inkangokhala pakhoma.

Komabe maulendowo sanali opanda pake. Gelesomu anaona kuti chogwirira cha ndowa ya a Nankhoma chinkawacheka zala, ndipo anachiveka kapayipi ka labala osanena kanthu. A Nankhoma nawo anaona kuti akamupatsa chigumu amayambira kudya cha m'mphepete, chopserera pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo ankamusungira mbali imeneyo. Tsiku lina anabwera ndi chala chopsa ndi chitsulo chomatira, iwo n'kuthyola khonje kuseri kwa nyumba, n'kumupaka madzi ake, uku akukamba za nkhuku zawo.

Kumsika anthu sanachedwe kuona.

"A Gelesomu!" anafuula mayi wina wogulitsa usipa. "Tamva kuti mukulowa chokolo kwa a Kapatuka. Tisoketse zovala za ukwati?"

Gelesomu anaweramira ndowa yake.

"Musiyeni mwamuna wanga," anayankha Esinati akubweza chenje kwa wogula. "Akufunsira gitala. Ikamulola mudzamva nonse, ngakhale inu ogontha ndi mabodza."

Msika wonse unaseka, ndipo Gelesomu nayenso anamwetulira, koma ali choweramira.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumapeto kwa chilimwe, a Nankhoma anamuuza nkhani.

"Bambo a Limbani, Loweruka kubwera mlendo wochokera ku Lilongwe. Wamutuma ndi mwana wanga wamkazi amene ali kumeneko. Akuti amagula zoimbira zakale. Mwana wangayo akuda nkhawa ndi denga ili, akufuna ndilikonzetse mvula isanagwe."

Atatero anaika manja pamiyendo, akudikira. Kunja nkhuku inalira.

"Ayende bwino," anatero Gelesomu. "Msewu uli bwino masiku ano."

A Nankhoma anapuma mpweya wautali. "Chabwino. Koma mubwere tsiku limenelo ndi zida zanu. Chitseko cha pabalaza pano chikukwekwesa pansi."

Madzulo ake Esinati sanaseke.

"Bambo a Limbani, ine sindikukakamizani kugula chinthu chakale. Mukaimva n'kuona kuti yatha, isiyeni, palibe mlandu. Chimene chikundiwawa n'chakuti ichoka inu musanadziwe n'komwe. Loweruka likadutsa tipita kukagula yofiira ija, ndipo za besi ya a Jailosi ndisadzazimvenso m'nyumba muno."

Loweruka masana Gelesomu anali atagwada pakhomo la a Nankhoma akumasula chitseko, pamene kagalimoto koyera kanaima pabwalo. Munatuluka bambo wonenepa, wa nkhope yansangala, dzina lake Zakeyu Mtambalika. Anavula chipewa, nalonjera mwaulemu, napepesa maliro monga mwa mwambo. Anamupatsanso moni Gelesomu. Atakhala pansi n'kumwa madzi, analoza pakhoma.

"Amayi, ndi imeneyi? Ndingaigwireko?"

Gelesomu anayembekeza kuti a Nankhoma agwetsa nkhope, mwina kulira kumene. Koma iwo anadzuka msanga ngati mtsikana, naitsitsa okha, naiika m'manja mwa mlendo.

"Nanga apa penti inachoka bwanji?" anafunsa Zakeyu.

"Pamenepo ndi pamene pankakhuza mkono wawo. Zaka zonse zija, thukuta lokhalokha."

"Nanga kakupsa aka kumutuku?"

"Ndudu! Ankaipanikiza pamenepo akamaimba, n'kuiwala. Anadzasiya fodya titakwatirana, koma chipsera chinatsala." A Nankhoma anayamba kuseka. "Mukudziwa kuti pochokera ku Halale anakana kuiika pamwamba pa basi? Anaifungatira pamiyendo ulendo wonse, katundu wina yense ali kumwamba akunyowa. Ine ndinkachita nayo nsanje. Ndinkaitcha mkazi wamkulu. Ndikaphika iwo akuchedwa, ndinkati, pitani akakupatseni chakudya akazi anu aakuluwo."

Anaseka mpaka misozi, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, napitiriza kusimba. Zakeyu ankangofunsa, iwo n'kumayankha, nkhope ikuwala. Gelesomu, ali chogwada pakhomo paja, anazindikira chinthu chimene chinamulasa mumtima. Masiku onse aja ankayesa kuti akuwateteza mayiwa ku chisoni. Koma iwo ankalakalaka munthu woti awafunse za mwamuna wawo.

Zakeyu anakweza gitalayo n'kuyang'ana motsata khosi lake, diso limodzi atatsinzina, monga muja munthu ayang'anira mpini ngati uli wowongoka.

"Khosi lili bwino," anatero. "Nsambo zachita dzimbiri, koma zimenezo n'zosintha. Tiimve tsopano. Ndingalumikize?"

Mwamwayi magetsi analipo tsiku limenelo. Anachotsa kansalu pabokosi, nalumikiza nthambo. Kanyali kofiira kanayaka, bokosi n'kuyamba kung'ung'udza. Zakeyu anakoka nsambo yaikulu. M'malo mwa mawu aja Gelesomu ankawakumbukira, munatuluka phokoso lonyansa, phwerere, ngati lata lomasuka padenga nthawi ya mphepo. Kunabweranso kafungo kachilendo.

"Muli kanthu umu," anatero Zakeyu akuzimitsa. "Achimwene, tabwerekeni chomasulira chanucho. Kapena bwerani mutsegule ndinu, manja anu ndi ozolowera."

Gelesomu anamasula thabwa la kumbuyo kwa bokosilo. Onse atatu anasuzumira. M'katimo, pafupi ndi sipika, munali kachisa ka tizidutswa ta nsalu ndi mapepala, ndipo m'kachisamo munali mbewa youma gwaa, itadzipinda ngati ili mtulo.

"Ha! Amayi, ndiwo iyi, yowamba kale!" anatero Zakeyu, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anayang'anitsitsa. "Koma inafa bwanji? Taonani, pamene inalowera ndi apa pakona, pali pululu. Sinakodwe pena paliponse. Ndipo thumba la mtedza si ili latsamira khomali? Ngakhale mwana wokwawa akhoza kufikapo."

A Nankhoma anaiyang'ana mbewa ija kwa kanthawi.

"Iyenera kuti inabwera ndi matumba ochokera kumunda," anatero. "Tsono chimwalirire bambo, ine ndimagona pabalaza pompano, nyali yoyaka, wailesi ikulankhula. Masana ndiye alendo osatha. Ndiye iyo inkati ikasuzumira, n'kuona pali anthu, n'kubwerera. Inkati ndituluka mawa. Mawa likafika, n'kusuzumiranso, n'kubwereranso." Analankhula pang'onopang'ono, osayang'ana munthu aliyense. "Palibe anaitsekera. Yafa ndi manyazi, chakudya ikuchiona."

Zakeyu anasekanso. Gelesomu sanaseke. Anatenga kachidutswa ka lata m'thumba la zida zake, nanyamulirapo mbewa ija pamodzi ndi chisa chake, natuluka nayo. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala, anaima n'kumaiyang'ana. Inali yopepuka ngati tsamba louma. Anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti ataye mbewa.

Ali chiimire, mawu anatuluka m'nyumba muja. Anali omwe aja a pa ukwati wa mlongo wake. Anadutsa khoma la njerwa, nadzera pansi, namupeza pamene anaimapo. Besi ya a Jailosi inali yamoyo.

Anataya lata lija n'kubwerera mofulumira. Polowa anapeza Zakeyu ndi a Nankhoma akugwirana chanza.

"Bokosili ndiye tamvana," anatero Zakeyu mokondwa. "Tsopano tikambe za mkazi wamkuluyu."

"Dikirani pang'ono," anatero a Nankhoma. "Ndaiwala thobwa."

Anadzuka, nadutsa pafupi ndi Gelesomu pakhomo paja mosafulumira. Kukhitchini anakhalitsako. Atabwera anatsuka makapu amene anali otsuka kale, nathira thobwa mosamala, napereka kwa mlendo, napereka kwa Gelesomu. Zochedwetsa zonse zitatha anakhala pansi. Zakeyu anatchula mtengo wake wa gitala, ndipo unali mtengo wabwino. A Nankhoma anayang'ana pansi, natsegula pakamwa kuti ayankhe.

"Amayi!"

Mawuwo anatuluka mokweza kwambiri, chifukwa mwini wake sanazolowere kuwayeza. Thobwa linatayikira pa thalauza lake. Onse awiri anatembenuka.

"Amayi, ine... gitalayo. Ndimaifuna. Ndakhala ndikuifuna chiyambire. Tsiku lija sindinabwerere ketulo ayi." Anapuma, milomo ikunjenjemera. "Ndingaiyeseko?"

A Nankhoma anaika kapu yawo pansi, naomba m'manja kamodzi.

"Mwana wanga, mwandisautsa! Ketulo yatha, ndowa yatha, chitseko chikutha lero. Ndinatsala pang'ono kuyamba kuboola mapoto anga dala kuti muzibwerabe."

"Aaa, achimwene!" anatero Zakeyu atagwira pakamwa. "Ine ndimayesa ndinu kalipentala! Mafuta onse ndawotcha kuchokera ku Lilongwe, wopikisana naye ali chogwada pakhomo?"

Anadandaula choncho, komabe anadzuka n'kumukoleka Gelesomu lamba wa gitalayo paphewa, namukonzera kuti ikhale bwino.

Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Nsambo zinayi zinamusokoneza, popeza anazolowera imodzi. Poyamba zala zinaphonya, mawu n'kutuluka okhota. Ndiye anasiya zitatuzo, nagwira yaikulu yokha monga amachitira pa babatoni, nayamba nyimbo ina ya kwaya, yoyenda modekha. Makapu anayamba kunjenjemera patebulo. A Nankhoma anatsinzina, nayamba kung'ung'udza nyimboyo, mutu ukugwedezeka.

Atamaliza, mafunso onse amene anawasunga nyengo yonse ija anatuluka motsatizana ngati mbuzi zotsegulira khola. Nsambo zimapezeka kuti? Kabatani aka kakuthetheka chifukwa chiyani? Nanga ikadzafa, wokonza alipo?

Zakeyu anamuyankha mosabisa. "Nsambo ndi zodula, ndipo muzichita kuzitsatira ku Lilongwe. Kabatanika kakufuna kutsukidwa, mwina kusinthidwa. Phewa lizikuwawani. Ndipo popanda ampu, chinthu ichi chimangonong'ona. Ndalama zomwezo kusitolo akupatsani yatsopano ndi kabokosi kake kakang'ono. Ndikanakhala inu ndikanaganiza kawiri."

Ananena zoona, ngakhale kuti zoonazo zinkakomera iye.

"Nanga bokosili simungandisiyire?" anafunsa Gelesomu.

"Limeneli ayi, achimwene. Tagwirana chanza inu muli kumaliro a mbewa."

Gelesomu anayang'ana a Nankhoma.

"Mawu ndapereka, mwana wanga," anatero iwo mwachifundo. "Sindingawabweze. Mukanabwera nalo dzana funso limeneli, zonse ziwiri zikanakhala zanu. Koma za gitala sindinayankhe." Anatembenukira kwa Zakeyu. "Bambo, musandione ngati wopanda chilungamo. Inu mwafunsa ndi pakamwa lero. Awa akhala akufunsa ndi miyendo chilimwe chonse. Akaifuna, ndi yawo. Akaikana, ndi yanu."

Gelesomu anakhala pansi, gitala ili pamiyendo. Anaganiza za yofiira ija, yopepuka, yokhala ndi kabokosi kake. Anaganiza za ulendo wa ku Lilongwe wofuna nsambo. Kenako anaika mkono wake pamalo paja penti inachoka, ndipo mkonowo unakhala bwinobwino, ngati phazi m'nsapato yozolowera.

"Ndigula," anatero. Kenako anawonjezera, maso ali pa a Nankhoma, osati pansi: "Koma amayi, poti ndikagulanso nsambo, simungandichotsereko pang'ono?"

A Nankhoma anaseka mpaka kutsamira khoma. "Tamverani! Dzulo samatha kupempha madzi akumwa, lero akunenerera!" Ndipo anamuchotserako.

Zakeyu ananyamula bokosi lake n'kukaliika m'galimoto. Asananyamuke anafufuza pansi pa mpando, natulutsa nsambo zinayi zokulungidwa m'pepala.

"Izi zinagwirapo ntchito, koma zikadali ndi moyo. Mukaziwiritse m'madzi, litsiro lichoke, zilira ngati zatsopano. Ndipo poti mulibe ampu, mukamaphunzira muzigunditsa mutu wa gitalayo pa chitseko chathabwa. Mudzamva." Anavala chipewa chake. "Koma tsiku lina mukadzaona munthu akuwotcha mafuta, muzilankhula msanga."

Dzuwa lisanalowe Gelesomu anamaliza kukonza chitseko chija, nanyamuka ndi gitala atakulunga m'chitenje chimene a Nankhoma anamubwereka. Esinati anamuonera patali, naima pakhonde manja ali m'chiuno.

"Nanga bokosi lake?"

"Lapita ku Lilongwe."

"Chifukwa?"

"Ndinachedwa."

"Koma munalankhula?"

"Ndinalankhula."

"Ndi pakamwa panu pomwepa? Popanda wokugwirani dzanja?"

"Ndinanenereranso mtengo."

Esinati anaimba nthungululu mpaka anansi anatuluka kudzaona ngati kwabadwa mwana. Gelesomu analowa m'nyumba, nagunditsa mutu wa gitala pa chitseko monga anauzidwira, nakoka nsambo. Chitseko chonse chinalira, mawu apansipansi, ofatsa, okwanira nyumba imodzi.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ankailumikiza ku sipika ya kutchalitchi. Mawu ake sankafika pa aja a bokosi la a Jailosi, ndipo Gelesomu ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Nthawi zina ankalikumbukira bokosilo n'kupukusa mutu. Koma anali wokhutira. Babatoni sanamutaye, ankapita naye kumaukwati a kumidzi kopanda magetsi. Kwa a Nankhoma ankapitabe, tsopano atanyamula gitala, ndipo akamaliza kuimba ankawafunsa za ku Halale, iwo n'kumasimba.

A Nankhoma anakafotokoza nkhani ya mbewa ija kumsonkhano wa amayi, amayi n'kupita nayo kumsika, msika n'kuimwaza m'midzi. Posakhalitsa, mwana akaima pakhomo la mnansi n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi osanena chimene wamutuma mayi wake, ankamuuza kuti: "Lankhula, mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Mwambi wake ndi umenewo, ana inu: mbewa yamanyazi inafera kuuna. Una ndi dzenje limene mbewa imakhalamo. Ndi malo abwino, ofunda, obisika, ndipo palibe amene angaidzudzule mbewa chifukwa chokonda una wake. Koma chakudya sichimera kuunako. Mwambiwu umanena za munthu amene akusowa kanthu, thandizo lili pafupi, khomo lili lotsegula, koma iye akuopa maso a anthu mpaka mwayi umudutsa.

Sukutiphunzitsa kukhala aphokoso kapena olanda mawu m'kamwa mwa akulu. Kufatsa si mlandu. Kufatsa kwa Gelesomu n'kumene kunamuonetsa chogwirira chocheka zala chimene ena onse sanachione. Koma manyazi amakonda kubwereka malaya a ulemu, n'kumatinamiza kuti tikukhala chete chifukwa choganizira ena, pamene tikungodziteteza tokha. Ndipo kawirikawiri munthu amene tikuopa kumufunsayo amakhala atatikonzera kale mpando, akungodikira.

Choncho ukapanda kumva m'kalasi, kweza dzanja. Ukasochera, funsa njira. Ukadwala, nena pamene pakupweteka. Mwina mawu ako adzatuluka okhota, mwina okweza kwambiri, mwina anthu adzaseka pang'ono. Kuseka kumatha dzuwa lisanalowe. Milomo ikafuna kunjenjemera, ileke injenjemere, koma mawuwo atuluke.